Ndemanga: kagalimoto ka ku Ulaya ku Mangochi, kokoma poyendetsa koma kovuta kugulitsa

Nyenyezi zitatu mwa zisanu. Ndikanakhala kuti ndikukhala ku Johannesburg, kumene kagalimotoka kanachokera, ndikanapereka zinayi mwinanso kuposera apo. Koma ine kwathu ndi ku Mangochi, ndipo galimoto imaweruzidwa ndi kumene imagona.

Ndi hatchback yaing'ono ya zitseko zisanu, yopangidwa ndi kampani ina ya ku Ulaya, injini ya petulo ya masilinda atatu yokhala ndi turbo, giya ya otomatiki. Dzina la kampaniyo ndalisiya dala, chifukwa zimene ndikulemba pano si za kampani imodzi. Aliyense amene ali ndi kagalimoto ka mtundu wosowa kuno aziona ngati zake. Ndinakagula kwa mnyamata wina wa ku Namwera amene anabwera nako kuchokera ku Joni, msonkho wa MRA atalipira kale, nambala ya Malawi ili pomwepo. Mtengo wake unali wotsikirapo kuyerekeza ndi Toyota Vitz ya ku Japan ya chaka chomwecho, pamene m'kati mwake munali mwapamwamba kuposa Vitz kutalitali. Kutsika mtengoko kuli ndi chifukwa chake.

Poyendetsa palibe chodandaula. Pa msewu wa M3 wopita ku Liwonde kamagwira tala bwinobwino, sikagwedezeka ngakhale thiraki yaikulu idutse ndi chimphepo chake. Ukafuna kupitirira basi, kungoponda moto pang'ono kadutsa kale. Chitunda cha ku Chowe, ukaoloka mlatho wa Bakili Muluzi kulowera ku Namwera, timagalimoto ta 660cc monga Mira timakwera mobuula, koma aka kamakwera osasintha ndi mawu omwe. Mu Okutobala ndi Novembala, dzuwa la kuno likaotcha mpaka chiwongolero osagwirika, AC yake imaziziritsa usanatuluke n'komwe m'tauni. Mabuleki ndi akuthwa, ndipo amene amayendetsa pakati pa akabaza, mbuzi ndi ana a sukulu a pa boma pano akudziwa kuti chimenechi n'chofunika kuposa wailesi yokongola. Mafuta kamamwa pang'ono: thanki imodzi imandifikitsa ku Blantyre ndi kubwerako, n'kutsalako oyendera kuntchito. Ndi mizere ya mafuta imene yakhala ikubwerabwera kuyambira 2022, imeneyo si nkhani yaing'ono.

Tala akatha ndi pamene zimayambira. Mimba yake ili pansi kwambiri. Mahampu ena ndimawadutsa chopingasa, pang'onopang'ono, a kabaza akuliza belu kumbuyo, komabe umamva kakukhula. Ku Makanjira nthawi ya dzinja sindiyerekeza n'komwe, ndipo tinjira ta mchenga topita kugombe ndimasiya kagalimoto pamwamba n'kutsika wapansi. Matayala ake ndi aja opyapyala m'mbali. Amaoneka bwino pa chithunzi, koma dzenje limodzi lakuthwa limatupitsa tayala, ndipo saizi yake m'mashopu a kuno mulibe. Ogulitsa matayala amasunga amene amayenda malonda, a Vitz, a Sienta, a Probox, a minibasi. Sindikuwada, nanenso nditakhala ndi shopu ndingachite chimodzimodzi.

Kenako nkhani ya katundu. Kuno galimoto si ya munthu mmodzi. Ikafika pakhomo yakhala ya mtundu wonse: maliro, ukwati, Idi, wodwala wofuna kuthamangira naye kuchipatala usiku, chimanga chochokera kumunda, feteleza wopita kumudzi. Buti ya kagalimoto kanga ikalowa matumba awiri a makilogalamu 50 yadzaza, ndipo kumbuyo mukakhala anthu atatu akuluakulu ndiye kuti mahampu aja onse muwamva m'mafupa. Sienta ili ndi mipando 7 ndi zitseko zotsetsereka. Malipiro akachedwa kapena ntchito ikatha, mwini wake amangoiika pa msewu wa Liwonde kapena wa Monkey Bay kunyamula anthu, madzulo wabwerako ndi ya ndiwo. Probox imanyamula madengu a usipa osadandaula. Wogula galimoto kuno amawerengera zonsezi asanatulutse ndalama, ndipo kagalimoto konga kanga pa mayeso amenewa kamalephera.

Wina anena kuti nanga Vitz, Passo, Demio, Fit ndi Note si timagalimoto tating'ono tomweto? Zoona, ndipo tadzaza m'misewu yathu. Nato buti yake ndi yaing'ono, nato timakhula pa mahampu tikalemedwa. Choncho vuto lenileni si kuchepa thupi. Vuto ndi kukhala galimoto yachilendo pamalo pamene anthu anazolowera kale zina.

Onani mmene za ku Japan zinafikira pokhala zathuzathu. Ku Japan galimoto imayesedwa ndi boma ikakwanitsa zaka 3, kenako pa zaka 2 zilizonse, ndipo ambiri amaona kuti kuli bwino kuigulitsa n'kugula ina kusiyana n'kumalipira kuyesako ndi kukonzetsa. Chiwongolero chawo chili kumanja ngati chathu. Ndiye kwa zaka zambiri zombo zakhala zikutsitsa magalimoto amenewa pa doko la Dar es Salaam, anyamata n'kumawayendetsa kudzalowera pa Songwe mpaka kuno. Msonkho wa MRA umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, choncho tating'onoti timalowa motsikirapo mtengo. Pamene magalimoto afika ochuluka, masipeya amatsatira, atsopano ndi akale omwe. Vitz imodzi ikachita ngozi, imadyetsa zinzake khumi: wina atenga chitseko, wina nyali, wina giyabokosi yonse. Komanso Toyota imaika injini imodzi m'magalimoto ambiri. Injini ya 1NZ ya malita 1.5 mumaipeza mu Sienta yakale, mu Probox, mu Axio, mu Ractis. Ya 1KR ili mu Vitz, mu Passo ndi mu Belta. Makaniko wa pansi pa mtengo wa mango amene anaphunzira injini ziwirizi waphunzira theka la magalimoto a m'tauni ino, ndipo amadziwa matenda ake ndi khutu lokha.

Kagalimoto kanga alibe kachinzake komwe kangakapatse chitseko. M'boma lonse lino ndaonako tochepa kwambiri ta mtundu wake, ndipo tikakumana pa msewu timawalitsirana nyali.

Nyali yachenjezo la injini itayaka, makaniko amene amakonza magalimoto a m'banja mwathu anatsegula boneti, anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati: "Achemwali, galimoto yanuyi ndi yabwino, koma ine ndikaimasula ndiye kuti ndikuphunzirira pa inu." Ndinamulemekeza chifukwa cha mawu amenewo, ena akanangoyamba kumasula. Galimoto zotere zimafuna kuziika pa kompyuta kuti zinene chimene chikuwawa, ndipo kamakina kamene kanapezeka kuno kanangowerenga zina, zina ayi. Ku Blantyre anapeza kuti ndi kasensa kakang'ono, kokwana m'dzanja. Tinafunsa m'mashopu a ku Limbe, tinalowa mu Ndirande mmene amati simusowa kanthu, munthu wina anatiimbira foni mpaka ku Biwi ku Lilongwe. Kulibe. Ku Joni kasensa kameneka n'kotsika mtengo, kamapezeka pa shopu iliyonse ya masipeya. Ndinachita kutuma mlongo wanga amene ali kumeneko, kulipira ndi marandi ogula movutikira, iye n'kukapereka kwa transipota wa basi yodutsa pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza. Masabata onsewo kagalimoto kali gone pakhomo, ine ndikukwera kabaza. Kasensako katafika, ntchito yoika inangotenga mphindi zochepa.

Kunena chilungamo, sikawonongeka pafupipafupi. Sienta ya alamu anga imapita ku galaja kawirikawiri kuposa aka. Kusiyana kwake n'kwakuti yawo imalowa m'mawa n'kutuluka masana, pamene kanga kakalowa ndimayamba kuwerenga kalendala ya mabasi a ku Joni. Oilo wake nayenso ndi wosankha, wa synthetic wa nambala imene buku lake limanena, osati wongopungula m'chigubu. Petulo wa m'zigubu amene amagulitsidwa m'mbali mwa msewu mafuta akasowa, makaniko wa ku Blantyre anandiletseratu, akuti injini za turbo zoterezi sizipirira fumbi kapena madzi m'mafuta. Anzanga a Probox amathira n'kumapita.

Chimene chandipangitsa kuchotsa nyenyezi yachiwiri ndi nkhani yogulitsa. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kuyambira pamenepo anthu safuna kusunga ndalama ku banki, amazisunga mu puloti, mu malata, mu galimoto. Galimoto kuno ndi nkhokwe. Amene anagula Vitz kapena Sienta kwacha isanagwe akhoza kuigulitsa lero pa makwacha ochuluka kuposa amene anagulira, ndipo wogula amapezeka sabata isanathe. Ine nditalengeza kagalimoto kanga m'magulu a pa WhatsApp kuti ndione msika, zithunzi anthu anazikonda kwambiri. Mafoni anabwera. Funso loyamba la pafupifupi aliyense linali lakuti masipeya ake amapezeka kuti, ndipo ndikayankha kuti ku Joni, nkhani imathera pomwepo. Bambo wina amene amagula ndi kugulitsa magalimoto anabwera kudzakaona, anakayendetsa mpaka ku Namiasi ndi kubwerako akumwetulira, potsika anati: "Mayi, ikanakhala Vitz bwenzi ndalama ndakupatsani pompano. Iyi ndikaitenga ndikhala nayo pakhomo chaka." Mtengo umene anatchula sindiulemba, unandipweteka mtima.

Ndiye mukuona mmene zimamangirirana. Anthu sagula chifukwa masipeya kulibe, a mashopu saitanitsa masipeya chifukwa magalimoto ake ndi ochepa, amakaniko saphunzira chifukwa sawaona, ndipo amene ali nayo akafuna kugulitsa amatsitsa mtengo mpaka pansi. Mtengo wotsika umene mnyamata wa ku Namwera anandipatsa unachokera pamenepa. Munthu wina amaona ngati wapeza mwayi, chikhalirecho ndalama imene wapulumutsa pogula adzaibweza pogulitsa.

Dzina lokha limagulitsa, ndipo makampani enieniwo akudziwa. Toyota Starlet imene inayamba kugulitsidwa mu Africa mu 2020 ndi Suzuki Baleno yopangidwa ku India, anangosintha chizindikiro ndi tina n'tina pamaso, koma ku South Africa yokhala ndi chizindikiro cha Toyota ndi imene imayenda malonda kwambiri. Ngati zili choncho ku dziko lokhala ndi magalaja a kampani m'tauni iliyonse, kuli bwanji kuno? Ogula amakumbukiranso mitundu imene inasiyidwa pa njira. Chevrolet inachoka pa msika wa South Africa mu 2017, dzina la Datsun linathetsedwa mu 2022, ndipo Ford inasiya kupanga Fiesta mu 2023. Masipeya ake sanathe tsiku lomwelo ayi, koma munthu wa ku Mangochi akamva kuti galimoto inasiya kupangidwa, dzanja limabwerera m'thumba.

Imene yayesako kuswa mpanda umenewu kuno ndi Polo ya kampani ya Volkswagen, ndipo si chifukwa cha kutsatsa malonda. Imapangidwa ku Kariega, kumene kale kunkatchedwa Uitenhage, ku South Africa komweko, ndipo m'misewu ya ku Joni yadzaza. Anyamata athu ambirimbiri amene amagwira ntchito kumeneko amaidziwa, ena anagwirako ntchito m'magalaja ake, ndipo pobwera kumudzi amabwera nayo limodzi ndi luso lake ndi nambala za foni za ogulitsa masipeya. Galimoto yachilendo imazolowereka ikakhala ndi anthu oiperekeza otere. Yanga inabwera yokha.

Kodi ndingalimbikitse munthu kugula? Ngati pakhomo pali kale galimoto ina yonyamula katundu ndi yopita kumudzi, ngati maulendo anu ambiri ndi a pa tala, Mangochi, Liwonde, Zomba, Blantyre, ngati muli ndi mbale wodalirika ku Joni ndipo mulibe maganizo ogulitsa msanga, gulani, musangalala nako. Ine ndemwe ndikakhala pa chiwongolero pa msewu wa ku Monkey Bay m'mawa dzuwa lisanakwere, za masipeya ndimaziiwala. Koma ngati ndi galimoto yanu yoyamba, ndalama zake mwasonkha zaka kapena mwatenga ngongole ku SACCO, musanalipire tengani nambala ya chassis muyende nayo m'mashopu a masipeya a pa boma pano. Funsani mabuleki padi, fyuluta ya oilo, mashoko a kutsogolo ndi galasi la kutsogolo. Akakuuzani kuti zonsezo n'zoitanitsa, mwadziwiratu moyo umene mukulowa.

Galasilo musaliiwale. Langa linalandira mwala wothawa pa tayala la thiraki kufupi ndi Ulongwe, ndipo mng'alu wake ukukula pang'onopang'ono kulowera mbali ya dalaivala. Kasensa kamalowa m'chikwama cha munthu, koma galasi lonse matransipota ambiri amakana, ndipo amene wavomera akufuna ndalama yapadera popanda kulonjeza kuti lifika lamoyo. COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu, ikutha miyezi ikubwerayi, ndipo ndi mng'alu umenewu sindikhulupirira kuti kadutsa.