Ndende kapena ntchito yachitukuko: wachinyamata akagwidwa ndi chamba koyamba

Mnyamata wa zaka 19 wagwidwa ku Chinamwali, ku Zomba, ndi kampukutu kamodzi ka chamba m'thumba. Lamulo la Dangerous Drugs Act limaletsabe kupezeka nacho. Lamulo la 2020 linangolola ulimi wa chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa amene ali ndi laisensi. Tsono majisitireti ali ndi njira zikuluzikulu ziwiri.

Yoyamba ndi ndende. Gawo 340 la Criminal Procedure and Evidence Code, lamulo la kayendetsedwe ka milandu, limati wolakwa koyamba asatumizidwe kundende pokhapokha khothi litaona kuti palibenso njira ina yoyenera, ndipo lilembe zifukwa zake. Apa mpamene zimasokonekera: khothi likangoganiza zopereka phunziro kwa ena, mwana wa eni amakathera ku ndende ya Zomba yodzaza kale, sukulu nkuima, nkutulukako atazolowerana ndi akabwerebwere.

Yachiwiri ndi chilango choimikidwa cha gawo 339, pomwe salowa m'ndende bola atsatire zimene khothi lamulamula, kapena kugwira ntchito yachitukuko monga kusesa pachipatala ndi kutchetcha udzu pasukulu, madzulo nkukagona kwawo. Kwa kachamba kosuta yekha, iyi ndiyo yoyenera. Koma akajomba, nkhani imabwerera kukhothi. Chindapusa nacho chimapweteka osauka, chifukwa akalephera kulipira amalowabe m'ndende.

Wosakwana zaka 18 nkhani yake imapita ku khothi la ana, komwe angathe kumupatutsa, kutanthauza kusamuzenga mlandu, kuti alandire uphungu, kapena kumutumiza ku sukulu yosintha khalidwe ya Chilwa.

Makolo, bwerani ndi kalata ya mphunzitsi wamkulu kapena ya mfumu pa tsiku lopempha kuchepetsa chilango.