QuEChERS, SPME kapena Soxhlet: iti ikutiyenera mu labu za mu Lusaka?

Anzanga a mu labu, ma solvent (mankhwala amadzimadzi osungunulira zinthu) ambiri timawathera pokonza sampulo, tisanayatse n'komwe GC kapena HPLC, makina oyezera mankhwala amene ali mu sampulo. Tomato kapena repu wa ku Soweto Market wadzaza madzi, shuga ndi utoto, pomwe mankhwala ophera tizilombo amene tikuwafuna alimo pang'ono zedi. Nkhani yagona pa mmene tingawatulutsire osadzaza zigubu za zinyalala zapoizoni. Tiyeni tione njira zitatu zochitira izi: Soxhlet, QuEChERS ndi SPME.

Soxhlet, njira ya mu 1879 yotsuka sampulo mobwerezabwereza ndi solvent, ndingoidutsa. Imamwa solvent ya hexane mamililita mazana, imawira maola ambiri, madzi oziziritsira condenser (chubu chobweza nthunzi kuti ikhalenso madzi) akungothira mu sinki. Magetsi akazima pakati, ntchito yaima. Isiyireni kuyeza mafuta a mtedza kapena soya.

QuEChERS, imene Anastassiades ndi Lehotay ndi anzawo anaifalitsa mu 2003, ndiye ndingaisankhe pa ndiwo zamasamba. Magalamu 10 a sampulo yogaya, mamililita 10 a solvent ya acetonitrile, magalamu 4 a magnesium sulfate ndi galamu 1 ya mchere. Khutchumulani, ikani mu centrifuge (makina ozungulitsa machubu mothamanga kuti zosakanikirana zilekane), kenako yeretsani ndi PSA, ufa wogwira shuga ndi zina zosafunika. Magetsi amafunika mphindi zochepa chabe. Koma tisanamizane, acetonitrile ndi poizoni ndithu; ubwino wake ndi woti timagwiritsa ntchito wochepa. Ufa wa chimanga kapena nsinjiro muyambe mwathira madzi, apo ayi mankhwala ambiri atsalira momwemo. Ngati muli mafuta onjezani C18, ufa wogwira mafutawo. Pa repu anthu amathamangira GCB (ufa wakuda wa kaboni) kuti ichotse kubiriwira, koma imagwiranso mankhwala ngati chlorothalonil, amene alimi amapopera tomato, ndiye mungalembe kuti mulibe pomwe alimo.

SPME ya Pawliszyn, yochokera ku Waterloo ku Canada cha mu 1990, imaposa zonsezi pa kusamala chilengedwe, chifukwa pa GC sifuna solvent ngakhale dontho. Kaulusi kokutidwa ndi polymer kamakhala pamwamba pa sampulo m'kabotolo kotseka, kamayamwa zomwe zikuuluka, n'kukazitulutsa mu injector yotentha, polowetsera sampulo mu GC. Pa fungo la uchi, khofi kapena madzi a mu mtsinje wa Kafue imachita bwino. Vuto ndi loti kaulusiko sikachedwa kuthyoka, n'kodula, ndipo timachita kuitanitsa kunja. Mankhwala osauluka msanga sikawagwira bwino mwa njira imeneyi.

Labu yokhala ndi ndalama zochepa iyambe ndi centrifuge yabwino ndi timachubu ta mamililita 50. SPME ibwere pambuyo, GC ikakhala ndi woisamalira wodekha manja.