Hilux yokwezedwa pakhomo: zomwe zaoneka kunsi litadutsa dzinja

Mnzanga wa ku Katete amene amagula soya ndi mtedza m'midzi wafunsa ngati kukweza Hilux n'kwaphindu, poti naye akufuna kuitanitsa zitsulo. Funsoli lafika sabata yomwe ndalipira centre bearing ina (bearing yogwira pakati pa shafiti yopititsa mphamvu ku matayala a kumbuyo), ndiye yankho lituluka lowawirako. Galimoto yanga ndi double cab ya 2.5 D-4D, mtundu uja wa 2005 mpaka 2015 umene timangoti Vigo, ndipo ilibe ABS, chipangizo choletsa matayala kuloka pomanga mabuleki. Inakwezedwa mamilimita 50: masipuling'i a kumbuyo, makoyilo a kutsogolo, ma shock anayi, ma U-bolt omangira masipuling'i ku axle, ndi mabushi. Yayenda msewu wa Lundazi, wa Chadiza ndi matope a makande a ku Msoro.

Ma shock sanadonthepo oyilo. Masipuling'i anatsika pang'ono poyamba kenako n'kukhazikika, moti ndi matumba khumi a 50 kg kumbuyo galimoto imaima bwinobwino, osaloza mphuno kumwamba. Ma U-bolt amafuna kumangitsanso pakatha makilomita 500 oyamba chifukwa zitsulo za sipuling'i zimakhala zikukhazikikabe. Mabushi a rabala akadali amoyo, ndipo chinsinsi chake n'chimodzi: mabawuti a shackle, yomwe imalumikiza mapeto a sipuling'i ku chasisi, muziwamangitsa galimoto itatsikira pansi, matayala atasenza kulemera. Mukamangitsa ili m'mwamba, rabala imapotoka potsitsa ndipo imang'ambika msanga. Pogona kunsi musadalire jeke yokha kapena njerwa, njerwa imaphwanyika osachenjeza. Makoyilo a kutsogolo okhawo pitani nawo kwa amene ali ndi press.

Chotchipa kwambiri ndi chomwe chagwira ntchito yaikulu. Difu ya kumbuyo imapumira pa kachivindikiro kamene kali pamwamba pa axle. Difu yotentha ikalowa m'madzi ozizira, mpweya wa mkati umachepa n'kuyamwa madzi, oyilo n'kusanduka ngati tiyi wamkaka. Chotsani kachivindikiroko, ikanipo kolumikizira paipi, kokani paipi ya mafuta ya 6 mm mpaka kumtunda pafupi ndi pothirira dizilo, kumapeto kwake muike kafyuluta kakang'ono ka petulo. Siyani paipi yolendewerako kuti axle ikatsika isaikoke. Dzinja latha, oyilo watuluka woyera.

Chitsulo chotchinga kunsi kwa injini ndi chopanga tokha, cha 4 mm. Chimalemera ndithu, makilogalamu 31 pa sikweya mita, choncho musatchinge malo osafunika. Chimangidwe m'mabowo omwe alipo kale pa crossmember, osachiwotcherera ku chasisi. Pakati pa icho ndi sampu komanso difu ya kutsogolo pakhale mpata wolowa chala, apo ayi mwala ukamenya nkhonya imakafika ku sampu yomwe mumati mukuteteza. Mitu ya mabawuti imadyeka ndi miyala mpaka sipanala kukanika kugwira, ndiye wotchererani timphete ta paipi mozungulira mutu uliwonse. Boolani potulutsira oyilo ndi mabowo ena otayira matope. Vuto lake ndi udzu: kuyambira Meyi udzu wouma umadzazana pamenepo ndi pambali pa ekizozi, ndipo uwu ndi moto woyembekezera tsiku. Chotsani chitsulocho pa sevisi iliyonse.

Tsopano chimene chandibweretsa. Chikwezereni, galimoto imanjenjemera ponyamuka. Kumayamba mukangosiya klachi mu giya yoyamba, kumakula cha pa 15 mpaka 25 km/h, mukafika giya yachitatu kwatha. Kumamvekera pansi pa mpando, osati ku sitiyaring'i, ndipo ndalama zachitsulo za m'kabokosi ka pakati zimalira. Amakaniko ambiri amathamangira kunena matayala, koma tayala losabalansidwa limavuta pa liwiro, cha pa 80 kupita m'mwamba. Ena amati klachi. Kuyesa kwake n'kosavuta: nyamukani pang'onopang'ono osaponda mafuta kwambiri, kenako nyamukaninso mwamphamvu klachi mutaisiya kale. Ngati kunjenjemera kukutsata kuponda mafuta klachi itagwira kale, yang'anani propshaft, shafiti yotenga mphamvu kupita nayo ku difu.

Propshaft ya kumbuyo ya double cab ili ndi zigawo ziwiri, pakati pake pali centre bearing yomangidwa ku chasisi. Mukakweza, chasisi imakwera ndi bearing yake, difu n'kutsala pansi, ndiye chigawo cha kumbuyo chimapendekeka kuposa kale. Universal joint, joyinti yopindika ya pa shafiti, ikakhala yopendekeka sizungulira mofanana, imathamanga ndi kubwerera kawiri pa kuzungulira kumodzi. Inzake ya kumapeto imathetsa zimenezi pokhapokha ngati kupendekeka kwa ziwirizo kuli kofanana. Kukweza kumasokoneza kufanana kumeneku, ndipo ponyamuka masipuling'i amapindika, mphuno ya difu n'kudzuka, zinthu n'kuipiraipira. Nkhonya yonse imathera pa rabala ya centre bearing. Mukaivundukula mumapeza rabala yang'ambika mozungulira, bearing yeniyeniyo ili bwino. Kuika yatsopano kumangobisa matenda: rabala yolimba imameza kunjenjemerako kwa miyezi ingapo, kenako nayo imatha. Zotchipa za m'masitolo zimatha msanga kuposa pamenepo.

Mankhwala ake ndi kutsitsa bearing. Musanamasule chilichonse, lembani chizindikiro cha penti pa ma flange ndi pa slip yoke, chifukwa shafiti yobwezeredwa mosemphana imayambitsa kunjenjemera kwina kwatsopano. Dulani tizitsulo ta flat bar ta 6 mm ndi 3 mm toika pakati pa bearing ndi chasisi (ma spacer), tiboole, mugule mabawuti aatali a giredi 8.8. Mulu wa mawashala ayi, umasuntha. Yambani ndi 6 mm, yesani pamsewu, onjezani 3 mm, yesaninso. Foni yokhala ndi pulogalamu yoyezera madigiri imathandiza: igonekeni pa chigawo chilichonse cha shafiti ndi pa flange ya difu, muzilemba. Pa yanga 12 mm inathetsa zonse galimoto ili yopanda katundu, koma itasenza kunabwerera, poti katundu amatsitsa chasisi ndipo bearing imakhala yatsika mopitirira. Kubwerera pa 9 mm n'kuika wedge ya madigiri 2, kachitsulo kopyapyala mbali imodzi, pakati pa sipuling'i ndi axle ndi komwe kwakhala pakatikati. Wedge imafuna centre bolt, bawuti ya pakati pa sipuling'i, ya mutu wautali, apo ayi mutu sulowa m'bowo lake ndipo axle imatha kusuntha. Lero kwatsala kachizindikiro chabe ponyamuka pachitunda cha ku Kanjala ku Chipata ndi katundu wodzaza. Girizi m'manipo onse a shafiti mukangochoka m'madzi.

China chimene wogulitsa sanatchule n'choopsa kuposa kunjenjemera. Hilux yopanda ABS ili ndi valavu kumbuyo yoyeza katundu, yolumikizidwa ku axle ndi kandodo. Mukakweza, valavu imaona ngati galimoto ilibe katundu nthawi zonse n'kuchepetsa mphamvu ya mabuleki a kumbuyo, a kutsogolo n'kumagwira okha. Kachitsulo ka 50 mm kokweza pomangira kandodoko pa axle kamakonza zimenezi. Ntchito ya theka la ola.

Tsiku loti mwawoloka dambo anzanu akukumba ndi makasu, mumati ndalama inapita pabwino. Tsiku lolipira bearing mumakumbuka kuti Toyota anaiyeza kale galimotoyi, ife n'kukaisokoneza. Zoonjezera zonse, ma spacer, ma wedge, ma centre bolt, ma bearing, alayimenti ndi zolipira basi yobweretsa katundu, zafika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa kiti ya zitsulo zokwezera. Kwa woyenda pa tara wa Great East yekha, ngakhale wa msewu wa ku Mfuwe kumene, n'kutaya ndalama. Masipuling'i olimba a msinkhu wa kale akukwanirani. Kwa wolowa m'midzi mvula ikugwa, kwezani, koma werengerani ndalama yoonjezerayo poyamba pomwe.

Zitsulo ndilibe nazo mawu, nkhani ili pa mwini sitolo wa ku Lusaka. Ndalama isanapite ankayankha WhatsApp ngakhale usiku, n'kutsimikiza kuti m'bokosi muli zonse. Vuto litayamba anati galimoto izolowera. Bearing itang'ambika anati waranti imagwira pokhapokha kiti itaikidwa ku galaja kwawo, mawu omwe pa lisiti palibe, komanso kumeneko ndi makilomita opitirira 550 kuchoka ku Chipata. Chopweteka n'chakuti ma wedge anali nawo pa shelefu nthawi yonseyi, amangogulitsa padera. Mukamaitanitsa, muuzeni alembe pa invoisi kuti spacer, wedge, centre bolt ndi kachitsulo ka valavu zilimo, ndiponso kuti waranti ikugwira ngakhale mumange nokha. Titakokanakokana anavomera kubweza theka la mtengo wa bearing, koma ngati katundu wa m'sitolo mwake, osati kwacha. Ndatenga ma CV boot awiri a mkati, marabala ophimba majoyinti a mashafiti a matayala a kutsogolo, poti omwe alipowa mapindo ake ayamba kukhulana chikwezereni.