TMDSAS, khomo lolowera sukulu za udokotala ku Texas

Wachinyamata amene akufuna kuphunzira udokotala m'mayunivesite a boma ku Texas, m'dziko la America, sadzera ku AMCAS, ofesi yolandira mafomu a sukulu zambiri za udokotala m'dzikolo, monga amachitira anzake a m'madera ena. Sukulu za kumeneko zili ndi ofesi yawoyawo yolandira mafomu, yotchedwa Texas Medical and Dental Schools Application Service, mwachidule TMDSAS. Fomu imodzi imafika ku UT Southwestern ku Dallas, McGovern ku Houston, UTMB ku Galveston, Dell ku Austin, Texas Tech ku Lubbock ndi sukulu zina, kuphatikizapo Baylor College of Medicine ngakhale kuti si ya boma. Malipiro ake ndi amodzi, kaya mwasankha sukulu ziwiri kaya zonse, pamene ku AMCAS sukulu iliyonse yoonjezera ili ndi mtengo wake. Apa ndiiyamikira ndi mtima wonse, chifukwa mwana wa m'banja losauka sakakamizika kuchotsa sukulu pamndandanda poopa ndalama.

Komabe phindu lenileni la ntchito ya TMDSAS limadalira funso limodzi limene ofesiyi imayamba yaliunika: kodi wofunsirayo ndi wokhazikika ku Texas kapena ndi wakunja? Malamulo a Texas salola kuti ophunzira ochokera kunja kwa derali apitirire 10 pa 100 alionse m'kalasi ya udokotala ya sukulu ya boma. Choncho amene walembedwa kuti ndi wakunja amalimbirana malo ochepa kwambiri ndi anthu a ku California, New York ndi kwina konse, ngakhale atakhoza bwino mayeso olowera sukulu za udokotala otchedwa MCAT. Fizi nayonso imasiyana. Gawo la fizi limene lamulo linakhazikitsa ndi $6,550 pachaka kwa wokhazikika, ndipo wakunja amalipira katatu, $19,650, tisanawerengere ndalama zina zimene sukulu iliyonse imaonjezera payokha.

Njira zodziwikira kuti munthu ndi wokhazikika zilipo ziwiri zazikulu. Yoyamba ndi ya amene anamaliza sekondale ku Texas atakhalako miyezi 36 asanamalize, ndiponso miyezi 12 lisanafike tsiku lomaliza lotumizira mafomu. Yachiwiri ndi yosonyeza kuti Texas ndi kwawo kwenikweni kwa miyezi 12 yotsatizana, ndipo umboni wake ndi ntchito yolipidwa, nyumba imene anagula, bizinesi yake, kapena ukwati ndi munthu wokhazikika kumeneko. Mafunso a pa fomu amatsatira malamulowa mwatsatanetsatane, ndipo amafunsa madeti, maadiresi, malo antchito komanso dzina la amene anakulembani pa mafomu a msonkho ngati mwana womudalira. Funso lomalizali ndi limene limagwetsa ambiri. Mtsikana akhoza kukhala zaka zinayi ku Houston akuchita digiri yoyamba, ali ndi laisensi ya galimoto ya ku Texas, koma ngati bambo ake a ku Indiana amamulembabe pa msonkho wawo, kwawo kumawerengedwa kuti ndi ku Indiana.

Nkhani ya ntchito ndi imene ndimaiona kuti ndi yowawa. Ntchito yovomerezeka iyenera kukwana pafupifupi maola 20 pa sabata, kapena kubweretsa theka la ndalama za fizi ndi zodyera, ndipo ntchito imene munthu wapatsidwa chifukwa choti ndi wophunzira siwerengedwa. Ndiye kuti amene wathera chaka chonse mu labotale ya yunivesite akuthandiza aphunzitsi pa kafukufuku, ntchito yomwe sukulu za udokotala zimaikonda kwambiri, akhoza kupezeka kuti alibe umboni, pamene mnzake wogulitsa m'sitolo ali nawo. Lamuloli si la TMDSAS, ndi la boma, koma ofesi imene imaligwiritsa ntchito chaka ndi chaka iyenera kulilengeza mokweza kwa ophunzira a chaka choyamba cha koleji, nthawi yokonza zinthu ikadalipo.

Amalawi amene ali ku Dallas ndi ku Houston aonetsetse mtundu wa chilolezo chimene ali nacho. Wokhala ndi green card, chilolezo chokhala ku America mpaka kalekale, angathe kukhazikika monga nzika ina iliyonse akakwaniritsa miyezi 12 ija. Wa viza ya ophunzira yotchedwa F-1 sangathe kudzera njira ya ntchito kapena ya nyumba, chifukwa vizayo imanena kuti kwawo n'kwina ndipo adzabwerera, komanso si sukulu zonse zimene zimalandira ophunzira otere. Lamulo la 2001 limene linkalola ana opanda mapepala okulira ku Texas kulipira fizi ya okhazikika linaimitsidwa ndi khoti mu June 2025, kotero malangizo akale amene achibale amapatsana sakugwiranso ntchito kwa ana amenewa.

Pa kaperekedwe ka malo, okhazikika amalowa m'dongosolo lotchedwa Match, momwe wofunsira amasanja sukulu zimene zinamuitana kukacheza naye kuyambira imene waikonda kwambiri, sukulu nazonso n'kusanja anthu awo, kenako kompyuta n'kuwalumikiza. Dongosololi ndi lachilungamo chifukwa limaletsa munthu mmodzi kukumbatira malo ambiri anzake akudikira. Wakunja salowamo, amangoyembekeza kuti sukulu imulembere payokha. Chomutonthoza n'chakuti akapambana sikolashipu ya mpikisano ya $1,000 kapena kuposerapo, lamulo limalola sukuluyo kumulipiritsa fizi ya okhazikika, choncho ndi bwino afunse ofesi ya zachuma ya sukulu iliyonse za mwayi umenewu asanavomere malo.