Tsiku limene mayi wa mulaibulale anandivula ukatswiri

Abale anga kumudziko, makamaka inu amene mukuphunzira uinjiniya, mwakhala mukundifunsa kuti kodi kuno ku England ndimagwira ntchito yanji kwenikweni. Ena mumaganiza kuti ndimangopukuta fumbi m'mashelefu. Zoona zake n'zakuti ndimathandiza mulaibulale ya yunivesite ina, ndipo gawo langa ndi kuphunzitsa ophunzira a uinjiniya kufufuza zimene ena analemba kale asanayambe pulojekiti ya chaka chomaliza. Ntchitoyi ndinailowera pa khomo la manyazi, ndiye ndiyambire pomwepo.

Nditangofika kudzachita digiri yachiwiri ndinkadzitenga dolo pa nkhani yofufuza. Kwathuko anzanga akafuna pepala la kafukufuku ankathamangira kwa ine. Mawu atatu mu Google Scholar, tsamba la Google losakira mapepala a kafukufuku, kudina, PDF yatsika, nkhani yatha. Mwezi wachiwiri mphunzitsi wondiyang'anira anandituma kwa mayi wina woyang'anira mabuku a mainjiniya. Ndinapita monyinyirika, nditanyamula mndandanda wa mapepala 40 onena za konkire yosakaniza ndi phulusa la mankhusu a mpunga. Mayiwo anauyang'ana, anavula magalasi, n'kundifunsa kuti, "Bambo, mwafufuza ndi mawu ati?" Ndinawauza monyadira. Anatsegula database, nkhokwe yolipira yosakiramo mapepala a kafukufuku, yotchedwa Compendex, analembamo mawu angawo, kenako anadina pa kamndandanda ka pambali kosonyeza mayina amene database imeneyo imaitanira nkhani ngati yangayo. Panatuluka mawu akuti pozzolan, dzina la zinthu ngati phulusalo zimene amasakaniza ndi simenti. Mawu amenewa ndinawamvapo m'kalasi, koma sanandibwerere m'mutu ngakhale kamodzi pofufuza. Atawadina, panatsika mapepala ambirimbiri amene ndinali ndisanawaonepo chibadwire, ena mwa iwo atachita kale zimene ine ndinkati ndikhala woyamba kuchita.

Mayiwo sanandiseke. Anangonditembenuzira kiyibodi n'kunena kuti ndiyesenso ndekha.

Chimene ndinaphunzira tsikulo ndi chimene ndimadyera lero. Google Scholar, imene inayamba mu 2004, imayenda ndi makina amene amangotolera chilichonse chooneka ngati pepala la kafukufuku pa intaneti, n'kukupatsa zimene zili ndi mawu amene iwe walemba. Ukalemba dzina limodzi la chinthu chimene chili ndi mayina anayi, zotsalazo zimatha kukudutsa. Compendex ndi mdzukulu wa Engineering Index imene inayamba mu 1884, ndipo kumeneko pepala lililonse limapatsidwa mawu ochokera pa mndandanda umodzi wokhazikika, kuti zofanana zikhale khola limodzi ngakhale olembawo anazitchula mosiyana. A zamagetsi ndi makompyuta ali ndi yawo ya mtundu womwewo, Inspec.

Musandimve molakwa, Scholar ndimaitsegula tsiku lililonse. Ukadziwa mutu wa pepala, palibe chimene chimaipambana liwiro, ndipo kabatani kake kosonyeza amene analitchulapo pepalalo n'kothandiza zedi. Vuto lake n'lakuti siikuuza zimene ilibe. Google siinatulutsepo mndandanda wa ma journal onse, magazini a kafukufuku, amene imatolera, ndiye sungadziwe kuti mpanda wake wathera pati. Ikakulembera pamwamba kuti yapeza zinthu 80,000 usasangalale, chifukwa ingakuonetse 1,000 zokha, ndipo ndani amapitirira tsamba lachitatu? Zimene zimabwera pamwambazo nthawi zambiri ndi zimene zatchulidwa ndi anthu ambiri, kutanthauza zakale. Pepala la chaka chatha, mwina lotsutsa zakalezo, limakwiririka pansi. Ukafuna kulemba funso lalitali lokhala ndi mayina onse a chinthucho, kabokosiko kamadula pa zilembo 256. Ndipo funso lomwelo ukalifunsanso pakapita miyezi, zotuluka zimatha kusintha, pomwe woyesa mayeso akufuna umuuze ndendende mmene unafufuzira.

Palinso nkhani ya zinyalala. M'kalasi ndimakonda kukamba za Ike Antkare, wasayansi amene sanabadwepo. Mu 2010 Cyril Labbé wa ku Grenoble ku France anagwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa SCIgen kupanga mapepala opanda mutu ndi mchira m'dzina limeneli, onse akutchulana okhaokha. Scholar inawameza, ndipo munthu wongopekayu anaoneka wotchuka kuposa Albert Einstein. Ana amaseka. Koma ndimawadula chiseko powauza kuti mu 2014 osindikiza mabuku a kafukufuku, Springer ndi IEEE, amene mabuku awo ndi olipira, anachotsa mapepala oposa 120 opangidwa ndi pulogalamu yomweyo. Kulipira sikuyeretsa chinthu. Kusiyana kwake n'kwakuti kolipirako kuli mlonda pa geti, ngakhale nthawi zina amawodzera, pomwe kwaulereko geti kulibiretu. Masiku ano kwabweranso ma AI amene amatha kukupatsa mutu wa pepala, dzina la wolemba ndi chaka, zonse zooneka bwino, pepalalo kulibe. Chaka chatha ndinataya masana onse kusakasaka pepala lotere limene mnyamata wina analumbira kuti lilipo.

Koma chimene chimandipweteka kwambiri mutu si zimenezi ayi. N'chakuti nzeru zambiri za injiniya sizikhala m'ma journal n'komwe. Zimakhala m'mabuku a miyezo, amene mainjiniya amangoti ma standard, monga a ISO, IEC ndi ASTM. Zimakhala m'ma patent (zikalata zoteteza umwini wa chinthu chatsopano chimene munthu wapanga), m'malipoti a boma ndi a makampani, m'timapepala ta opanga zipangizo tofotokoza kuti chitsulo ichi chimapirira kutentha kufika pati. Scholar ingakuonetse dzina la standard chifukwa wina anaitchula, koma mkati mwake siikulowetsa, ndipo siikuchenjeza kuti inasinthidwa.

Mtsikana wina wa chaka chachinayi anabwera pa desiki panga kutatsala milungu itatu kuti apereke ntchito. Anali atawerengera mtanda wa konkire wa nyumba yosanja, masamu ake oyera bwino, atatsatira pepala lina limene linali loyamba pa Scholar. Ankangofuna ndimuthandize kalembedwe ka maumboni. Ndikuyang'ana, ndinaona kuti pepalalo linatsamira pa standard ya konkire ya ku Britain yotchedwa BS 8110. Ndinamufunsa ngati akudziwa kuti standard imeneyo inachotsedwa kuno mu 2010, m'malo mwake n'kulowa Eurocode 2. Anakhala chete, atagwira cholembera m'kamwa. Kenako anati, "Koma linali pamwamba." Tinatsegula database ya ma standard imene yunivesite imalipira, ndipo pambali pa dzinalo panalembedwa poyera kuti inachotsedwa. Milungu itatu imeneyo sanagone bwino. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma mwanayu sindimuimba mlandu kwambiri. Palibe anamuuzapo kuti pali funso loti afunse.

N'chifukwa chake kaphunzitsidwe kanga ndinakasintha. Poyamba ndinkaima kutsogolo ola lathunthu n'kumaonetsa mabatani, ana akusewera ndi mafoni. Wophunzira uinjiniya sakhulupirira zomuuza, amafuna ayese chiphulike m'manja mwake. Tsopano ndimawagawa pawiri. Funso limodzi, gulu lina Scholar, gulu lina Compendex kapena IEEE Xplore, mphindi 20. Kenako alembe pa bolodi mapepala 10 oyamba mbali iliyonse. Mindandanda iwiriyo kawirikawiri imafanana pang'ono chabe, ndipo mkangano umayamba wokha: wolondola ndani? Ndikawasiya akangane kaye, wina amazindikira yekha kuti aliyense wagwira mbali yake. Ndimawauzanso asunge kabuku kolembamo tsiku, malo amene afufuza ndi mawu amene agwiritsa ntchito, ngati mmene amalembera zoyesa mulabu. Zimenezo amazimva msanga chifukwa ndi chinenero chawo.

Ndikudziwa kuti wina akuwerenga n'kumati, "Achimwene, inu mukukamba za ma database olipira, ife tiwapeza kuti?" Funso labwino, ndipo nanenso ndinkaganiza kuti kwathu kulibe kalikonse. Ndinadzadziwira kuno, mochita manyazi kachiwiri, kuti pali Research4Life, mgwirizano umene umatsegulira ma journal ndi mabuku olipira kwa mayunivesite a m'mayiko osauka, ndipo Malawi ili m'gulu la olandira mwaulere. Nthambi yake ina, ARDI, imene bungwe la WIPO, loona za ma patent padziko lonse, linayambitsa mu 2009, ndi ya sayansi ndi luso la zopangapanga. Zaka zinayi zonse ndinkadutsa pa desiki ya mulaibulale osafunsa ngati sukulu yathu inalembetsa. Pitani mukafunse mawa. Ma patent ndi aulere pa Espacenet, ndipo zojambula zake zimaphunzitsa kuposa mapepala ena. DOAJ imakuthandizani kuona ngati journal yaulere ndi yodalirika. Unpaywall imakusakirani kope lovomerezeka la pepala lotsekedwa. Zikakanika, mulembereni mwini pepalayo imelo yaulemu, ambiri amatumiza mosangalala.

Zaulerezi musamangepo nyumba pa chimodzi. Microsoft Academic, yosakira mapepala ngati Scholar, inali yabwino, anthu anaizolowera, koma inatsekedwa kumapeto kwa 2021, amene ankaidalira n'kuyamba kusamukira ku OpenAlex. Mapepala amene mwapeza muziwasunga kwanu, mu pulogalamu ngati Zotero.

Mayi aja anapuma pa ntchito chaka chatha, ndipo mpando umene ndinakhalira tsiku lija ndi umene ndimakhazikapo ana. Lolemba likubwerali ndili ndi gulu la zamagetsi, ana 30. Funso ndakonza kale, la mabatire a magetsi a dzuwa, ndipo ndalisankha dala chifukwa chinthucho chili ndi mayina angapo. Ndikudziwa kuti mphindi zisanu zisanathe wina wakumbuyo adzakweza mkono n'kunena kuti wapeza kale zonse. Ndidzapita pamene wakhalapo, ndidzavula magalasi, ndimufunse mawu amene wafufuzira.