Zivundikiro za vacuum forming zochokera ku Johannesburg: nyenyezi zitatu basi

Ndinaitanitsa ku kampani ina ya ku Johannesburg zivundikiro za mabokosi a controller (kachipangizo koyendetsa mpope) a mipope ya sola imene timaikira alimi a mthirira ku Chikwawa. Kampaniyi imaumba mwa njira ya vacuum forming: imatenthetsa shiti ya pulasitiki mpaka ifewe, n'kuiyala pa chikombole, kenako makina amakoka mpweya kudzera m'timabowo ta chikombolecho kuti shitiyo imatirire n'kutenga mawonekedwe ake. Zivundikiro zanga sizinali zambiri, ndiye chikombole cha MDF (thabwa la utuchi wopanikiza) chinandikwanira. Chachitsulo cha injection moulding (yopopera pulasitiki wosungunula m'chikombole) ndi cha anthu ofuna katundu masauzandemasauzande. Za ma rand, za basi ndi za msonkho wa pa Mwanza mukuzidziwa kale, mmene forex ikusowera muno.

Chimene chinandipweteka ndi bambo amene ankalandira maoda. Ndinawauza momveka pa WhatsApp kuti mabokosiwa akakhala panja, m'munda, dzuwa lonse la kuchigwa cha Shire likuwawomba. Ndinafunsa za mtundu wa pulasitiki wotchedwa ABS. Iwo anati ndisataye ndalama, pulasitiki ya mtundu wa HIPS ya 3 mm ndi yokwanira ndipo ndi yotchipa. Anayankhula ngati munthu wodziwa ntchito yake, ine n'kuvomera.

Katundu atafika ankaoneka bwino, woyera mbee. Koma pofika mu Okutobala zivundikiro zinali zitasanduka zachikasu, pamwamba pake pakuyoyoka ngati ufa ukapakhudza. Tsiku lina mnyamata wanga akumasula sikuluwu kuti aone waya, kona yonse inathyokera m'manja mwake, alimi a kalabu ataima pomwepo akuonerera. Mayi wina, amene ndi msungichuma wa kalabuyo, anandifunsa kuti, "Abwana, ngati chivundikiro chatere, nanga mpopewo ukhalitsa?" Anthuwa anasonkha ndalama za chimanga chachiwisi ndi tomato kuti agule mpope umenewu, ndipo amene anaoneka wakuba ndi ine. Nditayeza chidutswa chothyokacho, pakona panali pasakufika ndi 1 mm yomwe. Shiti ikamakokedwa kulowa pozama imatanuka n'kupyapyala, makamaka m'makona akuthwa, ndipo HIPS imafooka ndi dzuwa n'kuyamba kuthetheka. Munthu wogulitsa zinthu zimenezi tsiku ndi tsiku sangalephere kudziwa zimenezi. Nditatumiza zithunzi, bambo aja anayankha kuti mwina tinamanga sikuluwu mopitirira muyezo. Mpaka lero mawu amenewo sanandichoke.

Mtima unayamba kutsika pamene nkhani inafika kwa mmisiri wawo wa zikombole. Iyeyu sanatsutse kanthu. Anaona zithunzizo n'kunena kuti makona a chikombole anali akuthwa kwambiri, ndipo makoma ake anali oima chilili. Anawazunguliza makonawo, makoma n'kuwapendeketsa pafupifupi madigiri 5 kuti chivundikiro chizivuka mosavuta, ndipo pamalo a masikuluwu anapatambasula kuti pasamapyapyale. Anandilongosoleranso kuti ABS imapirira kugundidwa kuposa HIPS, koma payokha nayonso imatopa ndi dzuwa, choncho chofunika ndi shiti ya ABS yokutidwa ndi ASA (pulasitiki yopirira dzuwa) pamwamba, ya 4 mm. Pulasitiki ya polycarbonate ndi yolimba kuposa zonsezi, koma mtengo wake ndi wina, komanso imafunika kuumitsa kaye isanaumbidwe, apo ayi imatuluka timatuza. Kukonza chikombole sanandilipiritse. Shiti yatsopanoyo ndinalipira ndekha, ndipo inali yokwererapo ndithu, kuwonjeza ulendo wachiwiri wa basi.

Zatsopanozi zapyola nyengo yotentha ndi yamvula, mtundu sunasinthe, ndipo ukatsindika pakona ndi chala sipabonyoka. M'mphepete mwa zina munadulidwa mosasalala, tinachita kupala ndi sandipepala, koma zimenezo n'zazing'ono.

Ngati mukufuna kuumbitsa kwa anthuwa, pemphani chitsanzo chimodzi musanalipire oda yonse, muchidule pakati, muyeze pakona osati pamwamba. Dzina la pulasitiki ndi kuchindikala kwake zilembedwe pa kotesheni. Ndipo limbikirani kuti muyankhule ndi mmisiri wa zikombole. Bambo a maoda aja mpaka pano sanapepese, ndiye nyenyezi ziwiri zotsalazo zili kwa iwo.