Guluu wa epoxy pa foloko ya njinga: pena wagwira, pena ayi

Ndimapalasa kabaza pakati pa Kamuzu Road ndi Senga Bay ku Salima, ndipo m'mawa ndimanyamulira amayi a pamsika madengu a usipa. Foloko yanga itapindika pa dzenje, ndinagula ina yogwiritsidwapo kale ntchito. Kufika nayo kunyumba, khosi lake, paipi ija imadutsa mu felemu n'kumangidwa ndi nati pamwamba, linaperewera ndi masentimita awiri. Mazinga sankatulukira n'komwe.

Ndiye ndinagula epoxy ku hadiweya, uja wa timachubu tiwiri tosakaniza mofanana. Ndinadula khosi lalifupilo pakati, n'kudulanso mbali ya mazinga ya foloko yopindika ija motalikirapo. Mkati mwa khosi ndi mamilimita 22.2, mulingo womwewo wa paipi ya handulo, choncho kachidutswa ka paipi ya handulo yakale kanalowa bwinobwino ngati cholumikizira. Girizi ndinatsuka ndi petulo, ndinakwecha ndi sandipepa mpaka chitsulo kuyera, ndinapaka, n'kusiya maola 24 osakhudza. Apa guluuyu sindingamunyoze. Amasakanizika msanga, sayenderera, ndipo atauma ndinalephera kupotokola ndi manja awiri.

Anagwira milungu itatu. Tsiku limenelo ndinanyamula mayi wina ndi mwana kumbuyo. Ndikuzemba thiraki pafupi ndi njanji, ndinamva kuti khwa pansi pa handulo, ndipo handulo inakhota tayala lisanatsatire. Pang'ono chabe, koma thupi lonse linachita tsemwe. Ndinawatsitsa, ndalama sindinalandire, njinga n'kuikankha.

Bambo wina wachikulire amene amakonza njinga pansi pa mtengo wa mango atamasula, guluu anatuluka ngati zigamphu za mbale yosweka. Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Achimwene, mukanakhala pa mtsetse bwenzi tikukamba zina. Apa pamafuna moto ndi mkuwa, apo ayi foloko ina." Anandionetsa chimene sindinaganizire: khosi limapotokoka nthawi iliyonse mukakhota, limamenyedwa ndi dzenje lililonse, komanso limakankhidwa mukagwira buleki yakutsogolo. Epoxy ndi wolimba koma sapirira kugwedezedwa kotere, makamaka pamene zitsulo zalowana masentimita anayi okha. Chimene chimandiopsa mpaka lero n'chakuti malowa ndi obisika mu felemu. Mng'alu simuuona, mumangoumva zitatheka kale.

Komabe timachubu tija sindinataye. Pa njinga ya mwana wanga yopitira kusukulu, kamkombero ka pansi pa khosi kamene mabolo, timipira tachitsulo tija, amayendapo kankagwedera, handulo n'kumalira gwede gwede. Ndinapaka epoxy pang'ono, n'kukakhomera, ndipo chaka chatha osagwederanso. Pamenepo kulemera kumakanikizira kamkomberoko pansi, ntchito ya guluu ndi kungotseka mpata. Dziwani chabe kuti podzakachotsa mudzafunika kutenthetsa.

Anzanga a kabaza ku Salima kuno, ngati khosi laperewera kapena lang'aluka, musaike guluu ameneyu, ngakhale pa paketi alembe kuti amamata chitsulo. Ine ndinabwereka ndalama ku banki m'khonde ya mayi a kunyumba n'kugula foloko yatsopano. Popita kusitolo ndinatenga yakale ija m'manja kuti tiyeze khosi ndisanalipire.